Nyuzipepala ya Mng'ono Wanga

M'mudzi mwathu, kuseri kwa phiri la Chongoni, wodziwa kuwerenga ndinali ine ndekha. Ndikunena zaka zija nkhondo ya azungu itangoyamba kumveka, amuna ena akutengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ena atapita kale ku Halale kukasaka ya msonkho. Ine ndinakanda sileti zaka zitatu pa sukulu ya ansembe, ndipo nditabwerera kumudzi kalata iliyonse yochokera kutali inkadzera m'manja mwanga. Anthu ankanditcha akalaliki, ngakhale ofesi ndinali ndisanailowepo.

Lamulungu tikatuluka m'katchalitchi kathu ka udzu, ndinkakhala pa mwala wosalala pansi pa msuku, pensulo ili kukhutu, amayi atandizungulira ndi makalata awo omanga m'mphepete mwa nsalu. Ndisanayambe ndinkakhosomola kawiri, kenaka nkuyang'ana anthu mpaka onse atakhala chete. Musandiseke. Aphunzitsi athu ankachita choncho, ndiye ine ndinkayesa kuti kukhosomolako ndi mbali ya kuwerenga. Makalata ake ankangonena zomwezomwezo: ndili moyo, kuno kukutentha, mbuzi ija musagulitse, ana mundiperekere moni. Ndinkawerenga monga analembera, osathirako ngakhale kamchere. Amayi aja ankaomba m'manja nkumapita. Ulemu ndinali nawo, ndipo ndinkaukonda kuposa mmene munthu wa mpingo ayenera kuukondera.

Chaka chomwecho, mvula ikusiya, atsibweni anamwalira. Mbumba yonse inagwera m'manja mwanga ndevu zisanadzaze nkomwe: amayi ondibereka, alongo anga awiri ndi ana awo, mng'ono wanga, ndi khola la mbuzi. Chifukwa cha udindo umenewu apongozi anandilola kuchoka pa chikamwini nkubwera ndi mkazi wanga kwathu. Ndinkayenda mwakachetechete ngati munthu wolemedwa ndi maganizo, koma kunena zoona ndinkangosangalala kuti tsopano pamaliro ndikukhala ndi akuluakulu.

Kunja zinali choncho, koma m'nyumba mwanga munali zii. Mwana wathu woyamba anatisiya m'nyengo ya chisanu chaka cha m'mbuyo mwake, chifuwa chitamugwira masiku anayi okha. Kuyambira pamenepo mkazi wanga anasiya kuseka. Sankalira ayi. Kudimba ankapita, nyemba ankapuntha, madzi osamba ankanditenthetsera, koma nkhope yake inali yotseka. Chikhalirecho ine ndinamufunsira chifukwa cha kasekedwe kake komweko. Kuseka kwake kunkayambira m'mapewa, mawu nkumabwera pambuyo. Ndinayesa zonse zimene ndinkadziwa. Ndinamugulira nsalu ya biliwita kwa Mmwenye wa pa Boma. Ndinamuwerengera mawu otonthoza a m'buku la mapemphero. Tsiku lina ndinayesa ngakhale nthabwala, ya munthu amene anagwa pa bulu, ndipo ndinaifotokoza mwadongosolo kuyambira kumene buluyo anagulidwa. Anamvetsera mpaka kumapeto, nkunena kuti, “Zikomo, abambo.” Kenaka anatenga mtsuko nkupita kumadzi.

Mng'ono wanga anabwera chimanga chili pamikukwe. Anali atakhala zaka ziwiri pa Boma, akutsuka mbale kukhitchini kwa mzungu wina. Anzake ankabwera ndi mabulangete, ena makasu, ena sopo. Iye anabwera ndi mtolo wa nyuzipepala zakale zimene dona wa panyumbapo ankakolezera moto. Amayi anamufunsa ngati zimenezo zimadyedwa, iye nkuti ndi zopichirira fodya ndipo madoda amukonda nazo. Ameneyu sukulu anaithawa sabata yachiwiri. Pa zilembo zonse ankadziwa A yekha, poti amaoneka ngati denga la nkhokwe.

Lamulungu lake loyamba, ine ndili mkati mwa kalata yachitatu, ndinamva pepala likuphwanyika kumbuyo kwanga. Mng'ono wanga anali atakhala pa chipika, nyuzipepala ataitambasula mikono yonse iwiri, nkhope atalimbitsa ngati ali ndi uthenga wa maliro.

“Kodi zakunja mwamva?” anafunsa osayang'ana munthu. “Zavuta ku Ulaya.”

Madoda awiri anasendera. Iye anayika chala papepala nkuyamba kuchiyendetsa pang'onopang'ono.

“Mfumu ya kumeneko yalamula kuti tambala aliyense wolira kusanache azikhoma msonkho, poti amadzutsa azungu tulo tisanathe. Atambala atamva, athawira m'mapiri, ena awolokera kwa Apwitikizi. Lero ndi tsiku lachitatu ku Ulaya kusanache, palibe wouza dzuwa kuti nthawi yakwana. Atumiza amesenjala kukagwira atambala aja, koma akungogundana okhaokha ndi mdima.”

Pamudzi pathu panalibe banja limene linalibe mbale amene anathawirapo msonkho kutsidya kwa malire. Anthu anafa nalo phwete. Mayi amene ndinkamuwerengera kalata anatembenuka, ndisanamalize kumuperekera moni wa mwamuna wake. Ndinakhosomola kawiri. Palibe anamva.

Lamulungu lotsatira anthu anathamangira ku chipika chija asanapukute nkomwe fumbi la m'mawondo. Ine ndinatsala ndi amayi atatu. Mkazi wanga anaima chapatali, manja atapinda m'nsalu chifukwa cha mphepo, akudikira kuti tizipita.

“Ku Halale fisi wabatizidwa,” anayamba mng'ono wanga. “Waphunzira katekisimu zaka ziwiri osajomba, mayankho onse pamtima. Atangomuthira madzi anafunsa kuti, Abambo, za Lachisanu ndamva kuti nyama sitidya, nanga mafupa? Wansembe atsegule buku, za mafupa mulibe. Walembera kalata akuluakulu ake kutsidya la nyanja. Yankho lisanabwere, fisi uja wadya mafupa onse a bulu wa wansembe, nyama nkuisiya bwinobwino poti linali Lachisanu. Pano bulu uja akuyenda chopindika, koma onse akuvomereza kuti fisiyo lamulo sanaswe.”

Ndinali ndikuyang'ana mkazi wanga, mwina chifukwa ndinkafuna kuti tigwirizane ndi maso kuti zimenezi ndi zachibwana. Ndinaona mapewa ake akugwedezeka. Anayesa kutseka pakamwa ndi nsalu, koma zinakanika. Mawu anatuluka, kuseka kuja kumene ndinakusaka chaka chathunthu ndi nsalu, ndi buku, ndi bulu wanga. Anagwira phewa la mlongo wanga kuti asagwe, misozi ili mbwe.

Munthu wabwino akanathokoza Mulungu pomwepo. Ine nsanje inandigwira, ndipo sindibisa. Ndinkafuna kuti mkazi wanga aseke, inde, koma ndinkafuna kuti womuseketsa ndikhale ine. Mwana tinaika m'manda tonse awiri, chisanu chija tinachigona tonse awiri, ndiye abwere wotsuka mbale ndi fisi wake nkutsegula pamene ine ndinagogoda mpaka kutopa?

Tsiku lina ali kuthengo ndinalowa m'gowelo mwake nkutenga nyuzipepala zija. Zinali za Chingerezi, chimene inenso sindinkachimva, koma zilembo ndinkazidziwa. Ndinasaka liwu loti fisi tsamba lonse, ndinasaka tambala, osapeza. Ndinapeza chithunzi cha nsapato ndi cha mzungu wa ndevu atagwira botolo. Ndipo ndinazindikira kuti pepala la nsapatolo ndi lomwe linatipatsa atambala, ndi lomwenso linatipatsa fisi. Ndinatuluka m'gowelo muja mtima uli m'malo, ngati munthu amene wapeza mapazi a mbava.

Ndinamupeza kudimba akuthirira nsawawa.

“Iwe, ukunamiza anthu,” ndinatero. “Zimene umanena zija m'pepala mulibe.”

“Nanga muli chiyani, akulu?”

Nanenso sindinkadziwa.

“Mwina mulidi fisi,” iye anatero akuseka. “Mapepala alipo ambiri. Tengani limodzi, Lamulungu tidzawerenge tonse. Inu mawu anu amamveka patali.”

Ananena ndi mtima wabwino, ndipo ndicho chinandipweteka kwambiri. Akanandichitira mwano bwenzi nditadziwa pomugwira. Pepala ndinalitenga ndithu. Ndinapita nalo kumunda kwanga kumtunda, kumene kunalibe munthu, nkukhala pa chulu kuti ndipeke nkhani yanga. Ndinakhala pamenepo mpaka nkhungu inatsika m'phiri. Zimene ndinakwanitsa kupeka ndi izi: ku Ulaya kwagwa mvula yambiri, ndipo anthu ena anyowa. Ndinayesa kuwonjezera mbuzi, koma mbuziyo nayonso inangonyowa. Pepala lija ndinalikwirira pachulu pomwepo.

Masabata anapita. Makalata ankabwerabe kwa ine, koma eni ake ankandifulumizitsa. “Dumphani za moni, akalaliki, nyuzi ikuyamba.” Mayi wina wachikulire anandifunsa mwaulemu ngati kalata yake ingawerengedwe ndi mng'ono wanga ulendo uno, poti ikadzera mwa ine mwana wake amangonena za kutentha. Madoda analeka kupempha mapepala opichirira fodya, ati tingasute nkhani ya sabata yamawa.

Kunyumba mkazi wanga anayamba kubwerera. Ankasinja akung'ung'udza nyimbo. Nthawi zina ankaseka yekha akuphika, ndikafunsa nkuti, “Ndakumbukira bulu wopindika uja.” Ankasungira mlamu wake mbatata yootcha, mnyamatayo akabwera nkumati, “Alamu, mukatopa nawo akalalikiwa mundiuze, ine gowelo ndikulitsa.” Mkazi wanga nkumuthamangitsa ndi mthiko. Chilamu ndi chomwecho kwathu, mlamu ndi mlamu amanyozana masana anthu akuona, ndipo palibe cholakwika. Ndinkadziwa zimenezo. Ndinawayang'anitsitsa masiku ambiri kuti ndipeze polakwa, osapapeza, ndipo kusapezako kunandikwiyitsa koposa. Ndinkadya mbatata yanga chamumtima, ndikuyeza ndi maso ngati yake inali yokulirapo.

Ndiye linafika Lamulungu lija. Kunali dzuwa koma kukuzizira, anthu ataunjikana kuchipika. Ine ndinali pamwala panga ndekha, ndikunamizira kusola pensulo. Mng'ono wanga anatambasula pepala la nsapato, nkutola kamtengo pansi, nkukaika kukhutu. Kenaka anakhosomola kawiri. Anthu anayamba kuseka asananene kanthu.

“Ku Halale kuli munthu wophunzira kwambiri,” anatero. “Mbuzi inalowa m'munda mwake nkudya chimanga. Anapsa mtima, ati mwini mbuziyi andiona. Anafufuza mudzi wonse, nkupeza kuti mwini mbuzi ndi iye yemwe. Ati zilibe kanthu, lamulo ndi lamulo. Anadzilembera kalata yaukali. Ataiwerenga anakhumudwa nayo kwambiri, nkuyankha ndi ina yoposa pamenepo. Kenaka anakadzisumira kwa mzungu woweruza. Mlandu wapambana, ndipo wamangidwa miyezi itatu. Walumbira kuti akadzatuluka, munthu ameneyo sadzamupatsanso moni.”

Maso onse anatembenukira kwa ine. Ana ankagubuduzika pansi. Mkazi wanga ankaseka akundiyang'ana, dzanja lili pachifuwa. Ndinachotsa pensulo kukhutu, ndinaimirira, ndinadutsa pakati pa anthu osayankhula ndi munthu. Ndinamva mng'ono wanga akuitana kuti, “Akulu, ndi nthabwala chabe,” koma sindinacheuke.

M'mawa mwake ndinapita kwa anyakwawa, mkulu amene ankaweruza timilandu ta m'mudzi. Anali munthu wofatsa, woluka malichero, ndipo ndinawapeza akuwothera dzuwa kukhonde, nsungwi zili pamwendo.

“Ndabwera kudzasuma,” ndinatero. “Pali munthu akunamiza mudzi, ndipo dzulo wandinyoza pagulu.”

“Mukusumira yani, akalaliki?”

“Mng'ono wanga.”

“Wa bere limodzi uja?”

“Yemweyo.”

Anapinda nsungwi, nkuiluma kuti iduke. “Za m'nyumba zimathera m'nyumba. Bwanji osamutengera kuseri kwa nkhokwe nkumukalipira? Akumverani.”

“Wandinyoza pagulu, ayankhe pagulu.”

“Chabwino. Koma mwaganiza bwino amene mukumusumirayo?”

Ndinabwereza mokweza kuti mng'ono wanga, ndikuyesa kuti makutu awo ayamba kufa. Iwo anangogwedeza mutu nkunena kuti tikumane Lachinayi.

Mudabwa kuti munthu wobadwira pamudzi angaiwale bwanji mmene mlandu umayendera. Ine ndinali nditasuzumirapo kamodzi pakhomo la bwalo la pa Boma, nkuona munthu ataima yekha akuyankha zake. Kusukulu nakonso anatiphunzitsa kuti aliyense adzayankha tchimo lake. M'mutu mwanga ndinkaona mng'ono wanga ataima yekha chomwecho, pepala lili m'manja, mkazi wanga akuona kuti womuseketsa uja ndi wabodza. Masiku atatu ndinakhala ndikukonza mawu anga, ndipo palibe china chimene chinalowa m'mutumo.

Lachinayi mudzi wonse unabwera, ngakhale amene anali ndi nyemba zoti apunthe. Anayala mphasa ziwiri, ina uku ina uko, pakati pali mpata. Ine ndinakhala pa yanga. Mng'ono wanga anakhala pa inayo atazyolika. Amayi ndi alongo anga anaima pakati nthawi yaitali osadziwa kolowera, kenaka anakakhala kumbuyo kwa iye. Anyakwawa anabwera ndi lichero lawo losamaliza.

Ndinayankhula bwino, ndipo mpaka lero ndimati ndinayankhula bwino. Ndinanena za kuipa kwa bodza. Ndinanena za ulemu wa zolembedwa. Pomaliza ndinatulutsa buku la mapemphero, ndinalitsegula, ndinaliika patsogolo pake.

“Awerenge apa, tonse timve.”

Iye analiyang'ana bukulo osaligwira. “Sindidziwa kuwerenga, akulu.”

Ndinatembenukira kugulu kudikira phokoso. Palibe anadabwa. Kenaka mayi wachikulire uja, wa mwana wonena za kutentha, anayankhula ali chikhalire.

“Nanga ndani amati amadziwa? Ife tinamuona akuthawa sukulu, anabisala m'nkhokwe mwanga. Pepala la nsapato lija latiuza nkhani zingati, mukuyesa sitiliona? Ife timapita kukaseka, akalaliki. Zoona timamva kwa inu, ndipo zimatikwana.”

Anyakwawa sanakweze nkomwe mutu. “Bodza loti aliyense akulidziwa silinamiza munthu. Umenewo wagwa. Watsala wa kamtengo kukhutu, ndipo umenewo ndi mlandu ndithu, poti mkulu sasewera naye pagulu. Koma mnyamatayu sanakwatire, pabwalo sayankhula yekha. Mwini wake aimirire, amuyankhire.”

Palibe anaimirira. Ine ndinayang'ana uku ndi uku ngati ndikudikira kuti atsibweni adzuke kumanda.

“Mwini mbumba ya mnyamatayu ndani?” anafunsanso.

Amayi anayankha motsitsa, akuloza ndi mlomo. “Ndi amene akhala ukowo.”

Apo ndi pamene ndinamvetsa funso limene anandifunsa kukhonde lija. Ndinati ine ndine wodandaula, sindingayankhire woimbidwa mlandu.

“Nkhuyu zodya ana zimapota akulu,” anatero anyakwawa. “Mukakana kumuyankhira, ndiye kuti mwamutaya pamaso pa mudzi, ndipo mbumbayi tiifunire wina. Mutu ukakula sulewa nkhonya, akalaliki. Wolokani.”

Ndinaimirira. Mpata wa pakati pa mphasa ziwiri zija sunali wautali, koma ndinauyenda ngati ndikupita ku Boma. Ndinakhala pambali pa mng'ono wanga. Wina kumbuyo anatsamwa ndi kuseka.

“Wodandaula wati mwana wanu wamunyoza,” anatero anyakwawa, akuyang'ana mphasa yopanda munthu. “Mukuti bwanji?”

Ndinayenera kunena kanthu, ndipo pabwalo sunena zopanda mutu. Ndinati mwanayu ndi wamng'ono, sanabe, sanamenye munthu. Anyakwawa anati ndipitirize, zimenezo sizikukwana. Ndinati pamudzi pano amuna atha, amayi akugona ndi nkhawa, ndipo mwanayu amawapumitsa tsiku limodzi pa sabata. Ndinati pali anthu ena amene anali atasiya kuseka. Anyakwawa anagwedeza mutu.

“Zamveka. Wodandaula wamva? Ali kuti wodandaula?”

Ndinawolokanso. Ulendo uno palibe anayesa kudzigwira. Anandifunsa ngati ndikukhutira ndi yankho la mbali inayo, ndinati ayi, poti mtima unali ukadali wotentha. Ndiye anati mbali inayo ipepese, ndipo ndinawoloka kachitatu kukapepesa mphasa. Ana anayamba kuwerenga maulendo anga mokweza. Mkulu wina anagwa chagada, anzake nkumamukupiza ndi chipewa.

Chigamulo chinali choti wonyozedwa alandire mbuzi imodzi. Mnyamata wa m'gowelo alibe mbuzi, choncho ichoke m'khola la mbumba. Khola lake linali langa. Anandituma kukaitenga pomwepo, kuti mlandu usagone. Ndinabwera nayo ikukana, ikulira njira yonse. Ndinaima pakati pa bwalo chingwe chili kudzanja lamanzere, anyakwawa nkunena kuti wolakwa apereke, ndipo ndinachipereka kudzanja lamanja. Anati ndiombe m'manja kuthokoza, koma ndikaomba mbuzi inkathawa. Pamwamba pa zonsezo, mbali iliyonse inayenera kupereka nkhuku kwa akuluakulu amene anakhalira mlanduwo. Zonse ziwiri zinachoka pakhomo panga.

Moyo wanga wonse ndinali ndisanaseketsepo anthu oposa awiri. Tsiku limenelo mudzi wathunthu unkalira misozi chifukwa cha ine. Ndili chiimire ndi mbuzi ija, ndinasaka mkazi wanga ndi maso. Ndinamupeza kumapeto kwa gulu la amayi. Sankaseka. Anali atagwetsa nkhope, akupotokola mphepete mwa nsalu ndi zala. Mng'ono wanga nayenso sankaseka.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa likadalipo, mng'ono wanga anagawa nyuzipepala zonse kwa madoda, ndipo anazisuta. Anabwera kudzagwada pakhomo panga nkunena kuti, “Akulu, sindinadziwe kuti zikukupwetekani chotero.” Ndinamuyankha kuti zatha, ndipo ndinamusiya apite osamuuza kuti asaleke. Mawuwo anali pakamwa, koma nsanje inali isanandisiye, ndipo mbali ina ya mtima wanga inakondwa kuona utsi uja. Mvula isanagwe mng'ono wangayo anapeza mkazi kutsidya kwa malire nkupita ku chikamwini. Tinkaonana pamaliro pokha. Mpaka lero ana a ana athu amafotokoza za fisi wobatizidwa, ngakhale sadziwa amene anamupeka. Pa makalata onse amene ndinawerenga palibe amakumbukira ngakhale imodzi, ndipo ndikamva zimenezo kanthu kamandilasabe, ukalamba wonse uno.

Lamulungu lotsatira mlandu uja, anthu onse anabwerera kumwala kwanga. Anakhala chete ndisanakhosomole nkomwe. Ndinawerenga makalata anayi, onse anaomba m'manja nkumwazikana msanga. Ine ndi mkazi wanga tinatenga kanjira ka kumadimba, iye patsogolo ine pambuyo. Tinafika pamtsinje. Pamenepo ndinalephera kupirira.

“Tsiku lija aliyense anaseka,” ndinatero. “Inu nokha ayi. Koma za bodza za mlamu wanu munkaseka mpaka misozi. Kodi ine ndiye ndichite chiyani?”

Anaima pa mwala wowolokera, osatembenuka.

“Ndikanaseka bwanji mwamuna wanga akuchita manyazi?” anatero. “Chichokere mwana uja, inu simunaseke ngakhale kamodzi, abambo. Ine ndinkaopa kuyamba ndekha m'nyumba, ndinkati muyesa kuti ndamuiwala. Kuchipika kuja zinkandipulumuka. Ndipo Lamulungu lililonse ndikayamba kuseka ndinkayang'ana kwa inu, kuti mwina lero tiseka tonse. Inu munkayang'ana pepala.”

Anakweza nsalu pang'ono nkuwoloka. Ine ndinatsala tsidya lino, ndikuyang'ana msana wake ukukwera mtunda.